Usakabisale ku Lusaka

Tiyamike, mkazi mnzanga,

Lero ndi Lachisanu, wailesi yangonena kuti ndi fifitini awazi, dzuwa lapendeka, ndipo ine ambuya ako ndasiya ntchito zonse pabwalo kuti ndikulembere. Zala zangazi zinazolowera khasu, cholembera chimanditerera, koma mkwiyo umene ndili nawo lero ukundigwirira dzanja. Amalume ako a Fabiano akubwera ku tawuni madzulo ano kudzagula mankhwala a ng'ombe, ndiwo akupatse kalatayi m'manja. Uiwerenge usanatseke sutikesi.

Ndamva kuti tikiti yagulidwa, mawa m'mamawa ukwera basi ya ku Lusaka. Ndamvanso kuti atate ako auza kale anthu kutchalitchi kwawo kuti mwana wapeza kanthu ku Lusaka. Kanthu kanji? Ine ndikudziwa, iwe ukudziwa, amayi ako akudziwa kuti kulibe kanthu. Kuli azakhali ako, alongo awo a atate ako, ndi ana awo aang'ono, ndi matewera. Pomwe kuno ku Madzimoyo, pa depoti yogulira thonje, pali mpando ndi sikelo zikukudikira Lolemba, ntchito ya nyengo ino mpaka thonje lithe, ndipo iwe ukuilambalala ngati ili ndi mphere. Ndicho ndakhalira pansi. Lolemba, Tiyamike. Usaiwale tsiku limenelo pamene ukuwerenga zonsezi.

Lachiwiri lija ndinabwera kuchipatala ndi bondo langali n'kudzapuma kwanu, usaganize kuti sindinamve chifukwa ndinali kuseri kwa khitchini. Makutu anga sanapume pa ntchito ngati atate ako. Ndinawaona Amayi Daka, amene amayang'anira depoti ija, akutsika pa njinga yamoto fumbi lili mbuu m'mapazi. Mzimayi wa ntchito zambiri, nyengo yogula itayandikira, n'kusiya zonse kudzagogoda pakhomo panu chifukwa a Fabiano anawauza kuti mwana wa mlongo wawo anaphunzira za maakaunti ndipo ali chikhalire. Anafotokoza mosabisa kanthu. Anati ntchito ndi yowerenga sikelo, kulembera alimi malisiti, ndi kutseka mabuku madzulo. Anati malipiro ndi ochepa, thonje likatha ntchito yatha, ndipo sangalonjeze za kutsogolo, koma kuti ku ofesi yawo ya ku tawuni kukasowa munthu, amayamba afunsa m'madepoti kuti ndani anagwira bwino. Atate ako anakonza kukhosi ngati akufuna kuyambitsa nyimbo, n'kunena kuti:

"Pepani amayi, mwana wathu ali ndi dipuloma. Pabanja pathu pano ganyu timapereka, sitigwira."

Iwe unali chilili ndi thireyi ya tiyi. Amayi ako, mwana wobala ine ndekha, anangoyamba kutola makapu. Amayi Daka anathokoza tiyi, n'kuliza njinga yawo.

Ganyu timapereka, sitigwira. Mawu amenewa andisowetsa tulo sabata yonse. Kodi atate ako anayamba afunsapo kuti mkazi amene amawasitira mashati aja anakula ndi chiyani? Khala pansi ndikuuze, popeza amayi ako akuoneka kuti anaiwala.

Ambuya ako aamuna a Lazaro atamwalira anandisiya ndi ana atatu, Pio, amayi ako, ndi Fabiano ali kumsana. Munda unali, koma munda sudyetsa mwezi uliwonse. Ndinasankha fodya pafamu ina ku msewu wa ku Mwami, ndinapalira m'minda ya anthu, ndinatunga madzi a oumba njerwa. Ndiye kunamveka kuti asisitere amene ankasunga atsikana asukulu akufuna wochapa ndi kusita wa mwezi umodzi, chifukwa mayi amene ankagwira ntchitoyo anapita kukachira. Anzanga pamudzi anandiseka. Anati ukasiye munda nthawi yopalira chifukwa cha ntchito yomwe ili ndi mwini wake, ukangofunditsa mpando wa mnzako. Ndinapita. Tsiku loyamba anandipatsa simbi ya makala, chinthu chimene ndinali ndisanachigwirepo, ndipo nsalu ya kumutu ya asisitere aakulu inatuluka ndi chibowo cholowa nkhonya. Ndinayamba kumanga kale kamtolo kanga. Iwo anangoiyang'ana nsaluyo, n'kundiuza kuti mawa ndiziyesera kaye simbi pa saka. Ukundimva, Tiyamike? Munthu aliyense ali ndi nsalu yake imene adzaiwotcha poyamba ntchito. Kuli bwino ukaiwotchere pa depoti ya kumudzi, pamaso pa Amayi Daka, kusiyana ndi kukaiwotchera mu ofesi yaikulu kumene akukuyembekeza kuti ukudziwa kale zonse.

Mwezi utatha mwini ntchito anabwerera ndi khanda lake, ine n'kubwerera kumudzi. Sindikunamiza kuti ganyu siitha. Imatha, ndipo tsiku lomwe imatha limawawa. Anzanga aja anaseka kachiwiri. Koma sukulu itatsekulira chigawo china, wochapa wina anasamuka ndi mwamuna wake, ndipo asisitere sanalengeze paliponse, sanamate pepala pamtengo. Anangotuma munthu panjinga kuti kaitaneni mayi uja wa bowo. Ndinakhala kumeneko mpaka imvi. Amayi ako anaphunzira pasukulu imeneyo chifukwa asisitere ankawaona akundithandiza kuyanika, n'kufunsa kuti mwanayu bwanji sali m'kalasi. Kuchoka apo ndi kumene anapita ku koleji ya aphunzitsi, kumene atate ako anawaonera n'kuyamba kutsokomola pafupi nawo. Ndiye munthu akhale pampando wake lero n'kumati pabanja pake ganyu sagwira? Ganyu amagona nayo chipinda chimodzi, ndipo inamubalira iwe.

Ndikudziwa chimene chikuwawawa atate ako. Ndi gauni ija. Utamaliza koleji anakonza mapemphero othokoza kutchalitchi kwawo, anakuveka chigauni chakuda kutentha kuli phuliphuli, n'kukuyendetsa mpaka kutsogolo kwaya ikuimba. Anayankhula mpaka ana kugona. Anatchula agogo awo amene anali mphunzitsi wa mishoni, atate awo amene anali kalaliki ku boma, iwo eni ahedi, ndipo tsopano wowerengera chuma. Ine ndinalipo kumbuyo, korona wanga nditamubisa m'chitenje kuti ndisakhumudwitse eni tchalitchi, ndipo ndinalulutira mpaka mawu kusasa. Nthungululu imeneyo sindikuibweza, unaigwirira ntchito. Koma kuyambira tsiku lija, Sabata lililonse amayi a kumpingo amafunsa kuti nanga mwana uja anayamba kuti, ndipo atate ako, amene amaima kutsogolo kuwerenga zolengeza, yankho lawathera. Kuti anthu amve kuti mwana wa a Sakala akuyeza thonje pansi pa shedi, thonje lili waa m'tsitsi, kwa iwo ndi imfa. Ndiye aganiza zokutumiza kutali kumene maso a mpingo safika. Manyazi ndi awo, koma wokwezedwa basi ndiwe.

Ndikuuze zimene zikachitike ku Lusaka, ngakhale ndinangopitako kukaona odwala. Sabata yoyamba udzakhala mlendo, adzakuphera nkhuku ya mufiriji. Sabata yachiwiri azakhali ako adzati popeza uli panyumba, tangowaperekeza anawa kusukulu. Mwezi usanathe mtsikana wantchito adzamuchotsa, chifukwa alipire bwanji munthu pomwe pali mwana wa achimwene wodya ulele. Udzachapa, udzaphika, udzakolopa, ndipo ukati ukufuna yokwerera kukasiya makalata m'maofesi udzayamba wayang'ana nkhope ya amuna awo kuti lero yadzuka bwanji. Imeneyo si ganyu? Ndi ganyu yeniyeni, koma yopanda malipiro, yopanda tsiku lothera, yopanda munthu wodzakuchitira umboni. Ndani adzalembe kalata yoti Tiyamike amachapa bwino matewera? Atate ako akukana ganyu yooneka n'kukupereka ku ganyu yobisika, bola anthu a kutchalitchi azigwedeza mitu kuti ali ku Lusaka.

Za umboni zimenezi ndili nazo ndi bala. Amalume ako a Pio umawadziwa monga alili lero. Inu ana munkawaseka akamwa kachasu n'kumayankhula Chingerezi ndi mbuzi pansi pa mango. Ine sindiseka, ndinamubala, ndikudziwa mutu umene unali mmenemo. Pio ndiye anali woyamba pamudzi pathu kumaliza Fomu Faifi. Chaka chimenecho ankakonza msewu wodutsa kwathu, ndipo akapitawo anabwera okha kudzamupempha kuti azilemba maina a antchito ndi kuwerenga magalimoto a miyala mpaka mvula igwe. Abale a atate ake anamuzungulira. Anati mwana wophunzira chonchi akaime pafumbi pamodzi ndi olephera, adikire kalata ya ku boma. Ine ndinayankhula, koma mawu a mkazi wamasiye wochapa zovala analemera bwanji pamaso pa amuna a ndevu. Ntchitoyo anaitenga mnzake Kosimasi, amene anakhoza mokwawa.

Pio anagula tayi. Lolemba lililonse ankapalasa njinga kupita ku Chipata kukasuzumira ku positi ofesi, n'kuzungulira m'maofesi ndi envulopu yake yakhaki mpaka inafewa ngati nsanza. Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Zaka zitapita ndithu kalata inabweradi, yomuitana ku mafunso. Ndinamusitira shati usiku wake ndi manja angawa, kolala inaima ngati ya ansembe. Anabwerako dzuwa likulowa, n'kulowa m'nyumba osapereka moni, n'kugona atayang'ana kukhoma. Mawa lake ndi pamene anandiuza.

"Amayi, anandifunsa kuti ndakhala ndikuchita chiyani chichokere kusukulu, ndi amene angachitire umboni ntchito yanga. Ndinasowa dzina."

Anatchula ahedi ake akale, koma ahediwo anali atamwalira. Mayeso ake anali abwino kuposa a ena onse amene anali pamzere, anamuuza okha. Koma anatenga munthu amene anali atagulitsapo m'sitolo ya mmwenye ku Down Shops, chifukwa uyo anali ndi womunenera. Kosimasi anapita ndi anthu a msewu aja kumisewu ina, anaphunzira kuyendetsa zimakina, lero ali ndi nyumba yake ku Kapata. Akakumana ndi Pio panjira amaimitsa galimoto n'kumukweza, ndipo mwana wanga amakhala kutsogolo atayang'ana pawindo ulendo wonse. Pio sanagwetsedwe ndi ulesi, Tiyamike. Anagwetsedwa ndi kudikira mwaulemu. Ndipo amene anamuuza kuti adikire, palibe ndi mmodzi yemwe amene anamugulirapo sopo.

Tsopano ndikayang'ana iwe ndimaona zomwezo zikuyamba, ndiye mwazi umandiwira. Zaka ziwiri zapita chivalire gauni. Unali mwana woti ukalowa pabwalo nkhuku zimathawa ndi phokoso lako. Lachiwiri lija ndinakupeza utadzuka dzuwa lili pamutu, foni m'manja, ukuikanda ndi chala ngati ili ndi nsabwe. Kusesa umasesa utaweramitsa mutu kuti odutsa asakufunse. Kutchalitchi wayamba kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Ndinakufunsa kuti undiwerengere za mbewu zimene ndinatenga ku kopaletivi, ndipo unachedwa, unafufuta, unayambanso, iwe amene unkawerengera masamu pamutu uli ku pulaimale. Si kuti waiwala. Mutu uli ngati khasu, ukaukoleka umachita dzimbiri. Ukaukoleke zaka zina ziwiri ku Lusaka, ndiye tidzaone.

Pa depoti paja sipadutsa alimi okha. Pamabwera madalaivala a malole, ogulitsa feteleza ndi mbewu, alangizi a zaulimi, a mabanki amene amasaka alimi, mabwana a ku tawuni odzaona mabuku. Onsewo adzaona mtsikana amene amafika m'mawa shedi isanatsekulidwe, amene malisiti ake amawerengeka, amene sakalipira nkhalamba. Adzafunsa dzina lako. M'chipinda mwako muja, kapena kukhitchini kwa azakhali ako, adzakuona ndani? Iwe umatumiza mapepala kwa anthu amene sanaonepo nkhope yako, ndipo mapepala ngati akowo amafika odzaza mtanga. Munthu wolemba ntchito ndi wamantha, mwana wanga. Amaopa kulemba wakuba, waulesi, wamwano. Akamva mnzake akuti uyu ndinagwira naye nyengo yonse, sanandisowetse kanthu, mantha amatha. Ine sukulu ndinalekeza ndikungodziwa kulemba kalata ngati inoyi, koma zimenezi ndaziona ndi maso kwa asisitere, aliyense amene analowa pageti paja analowa chifukwa wina anamuonapo akugwira.

Ndipo pali china chimene atate ako sangachimvetse chifukwa sanakhalepo mkazi wamkulu wopempha ya sopo. Ndinakuona ukuzungulirazungulira pakhomo la chipinda chawo, kufuna kupempha ya mayunitsi, n'kubwerera. Mtsikana wa msinkhu wako wotero amagwa m'manja mwa mwamuna woyamba amene wamugulira mafuta odzola. Kaya malipiro a pa depoti achepe bwanji, sopo wako udzagula wekha, ndipo mnyamata akadzakuimitsa panjira udzamuyang'ana nkhope, osati thumba.

Sindikuti usiye kufunafuna ntchito yokhalitsa. Makalata ako uzitumizabe. Foni kuno imagwira, ukakwera pachulu cha kuseri kwa mjigo imagwira bwino kuposa kwanu ku Kalongwezi. Akakuitana ku mafunso, Amayi Daka ndi munthu, udzawapempha tsiku. Koma ulendo uno akadzakufunsa funso limene linagwetsa Pio, udzatsegula pakamwa n'kutchula dzina la munthu wamoyo. Thonje likatha usachoke chimanjamanja, upemphe akulembere kalata ya umboni, yodinda, usachite manyazi. Koma foniyo pa ntchito ikhale m'thumba. Amayi Daka anandiuza za mnyamata wa chaka chatha amene ankasiya alimi pamzere iye ali kuseri kwa shedi kufunsira ntchito zina, n'kumauza aliyense kuti pano akungodutsa. Anadutsadi. Chaka chino sanamuitane, ndi chifukwa chake mpando uli wopanda munthu.

Tsopano tchera khutu, chifukwa ntchito ya pa sikelo ili ndi minga yake, ndipo minga yake ndi ife abale ako. Theka la alimi amene adzabwere ndi a mtundu wa amayi ako. Adzakutchula maina a ubwana, adzakukumbutsa kuti anakubereka kumsana, kenaka adzakutsinzinira kuti uwonjezereko pang'ono. Ena amawaza madzi pathonje madzulo kuti lilemere, ena amabisa mchenga pakati pa belo. Pisa dzanja mpaka m'chigongono, ngakhale belo likhale la amalume ako a Fabiano, makamaka likakhala lawo. Ukapeza lonyowa usamuyalutse munthu pagulu, ungomuuza kuti atate, ili lamwa mame, kaliyanikeni apo tiliyeze masana. Adzang'ung'udza, adzabwera kudzandidandaulira, ndipo ine ndidzawayankha, imeneyo ndi mbali yanga. Komanso mlimi usamubere ngakhale kadontho. Muitane aime pafupi aone yekha pamene sikelo yaima, umuwerengere mokweza zimene walemba, chifukwa ambiri maso anatha ngati angawa. Munthu ameneyo wapopera mankhwala chaka chonse mpaka chifuwa kumuwawa, thonje limenelo ndi fizi ya ana ake.

Ndipo wina aliyense, kaya bwana wa ku tawuni kaya dalaivala, akakuuza kuti ntchito yokhalitsa ilipo koma mukakambirane ku malo ogona alendo, nyamula chikwama chako ubwere kunyumba. Pafamu ya fodya ija kunali kapitawo wina wa manja oyendayenda. Tsiku lina anandipeza ndekha m'shedi n'kundiuza kuti akhoza kundilemba wa mwezi ndi mwezi ndikakhala womvera. Ndinamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku dazi, ndinamufunsa ngati akazi ake akudziwa kuti amalemba anthu ntchito ndi lamba womasula, ndipo ndinatuluka fodya ali pa tebulo. Palibe anandigwira, palibe pepala limene linandimanga. Ubwino wina wa ganyu ndi umenewo, anthu sautchula. Si iwo okha amene akukuyesa, nawenso ukuwayesa. Ukaona kuti malo ndi oipa, kapena kuti ntchito ya mabuku imene unaiphunzira siikukoma m'manja monga inkakomera m'kalasi, wadziwa msanga usanamangidwe.

Dzulo ndinakoka bondo langali mpaka pa depoti. Ndinawapeza Amayi Daka akukonzetsa denga la shedi, ndipo ndinawapepesa chifukwa cha tiyi wowawa uja. Anaseka, anati anazolowera, makolo ophunzira ndi amene amavuta kuposa osaphunzira. Ndinawapempha kuti mpando uja asaupereke. Anandiloza achinyamata amene anakhala pamthunzi panja pa mpanda, ena a iwo ndi madipuloma ngati yako yomweyo, n'kunena kuti:

"Ambuya, chifukwa cha inu ndidikira mpaka Lolemba potsekula shedi. Ndikatsekula iye palibe, ndiitana mmodzi mwa awa, ndipo musadzandidandaule."

Ndinawauza kuti sindidzadandaula. Lolemba, Tiyamike, potsekula shedi.

Chipinda chimene ankagona amayi ako ali mtsikana ndasesa, ndazira, bulangete ndayanika. A Fabiano akuti njinga yawo yaing'ono uzikwera, angoti aike mabuleki. Madzi osamba otentha m'mawa sindikulonjeza, ndine ambuya ako, si wantchito wako, ndipo amuna anga anamwalira kale ndiye palibe choti tizilimbirana pakhomo pano kupatula mpando wa padzuwa.

Pali chinanso chimene ndachita, ndipo sindikupepesa. Lachitatu ku mapemphero athu a mphakati ndinauza anzanga kuti mdzukulu wanga wa dipuloma akubwera kudzakhala kalaliki wa thonje. Ndinanenanso pa mjigo. Ndinanenanso kuchigayo, mokweza kuposa injini, ndipo kuchigayo kumeneko kunali akazi a mkulu wa mpingo wina wa tchalitchi cha atate ako, mayi amene nkhani siigona m'kamwa mwake. Ndipo ukudziwa anthu anati chiyani? Palibe anaseka. Nkhalamba ina inati bola chaka chino tiyezedwa ndi mwana wodziwa kuyankhula ndi anthu. Mayi wa mkulu wa mpingo uja anandikokera pambali n'kundifunsa ngati pa depoti patsala malo ena, chifukwa nayenso ali ndi wake kunyumba wa digiri amene amauza anthu kuti ali ku Kitwe, chonsecho ali kuchipinda. Ndiye chinsinsi chimene atate ako akulipirira tikiti chinafa kale. Lamulungu lisanafike nkhani ikhala itawapeza. Ngati akufuna wokwiyira, ndilipo, nyumba yanga akuidziwa ngakhale amaima patali.

Sindikukutuma kuti ukawachite chipongwe. Atate ako amakukonda, anadzimana zambiri kuti umalize koleji, ndipo munthu amene anaphunzitsa ana a eni ake moyo wake wonse n'kumaona wake ali pakhomo, mtima umamupweteka. Kungoti ululu wawo akuuchiza ndi mankhwala olakwika, ndipo womwetsedwa ndiwe. Madzulo ano akatha kudya, ugwade monga unaleredwera, uwauze ndi pakamwa pako kuti ukufuna kukagwira ntchito ya pa depoti. Si iwe mwana wa pulaimale. Lachiwiri lija anakuyankhira ngati mbuzi ya pamsika, iwe uli pomwepo. Ulendo uno yankhula.

Akakana, kapena ukalephera kuwauza, usalimbane nawo. Kwera basi yakoyo. Koma uwauze anyamata opakira kuti sutikesi yako aiike pafupi ndi chitseko, asaikwirire pansi pa matumba a mbatata, ndipo kondakitala umuuziretu musanatuluke m'tawuni kuti utsika pa Madzimoyo. Basi ya ku Lusaka ilibe njira ina, imadutsa pano pa Madzimoyo. Kukamacha ine ndidzakhala nditaima pa siteji pamsewu ndi a Fabiano ndi njinga, nditafunda chitenje chofiira kuti usanamizire kuti sunandione. Basi ikaima, tidzanyamula sutikesi n'kupita kukamwa tiyi. Ikadutsa osaima, ndidzakweza dzanja kukutsazika, sindidzakutemberera, ndiwe mwazi wanga kulikonse uli. Koma aliyense wondifunsa kuti Tiyamike akugwira ntchito yanji ku Lusaka, ndidzamuuza zoona, ndipo Lolemba ndidzapita pa depoti kukaona nkhope ya mwana wa mwini amene wakhala pampando wako.

Kalatayi ukamaliza usaipinde n'kuibisa m'sutikesi. Ine ndi atate ako sitinayang'ananepo m'maso chikwatire iwo mwana wanga, tikakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo ulemu umenewo sindiuphwanya pa ukalamba uno. Koma pepala lilibe apongozi. Upatse amayi ako awerenge mpaka pa dzina langa, akumbuke amene anawabala, kenaka iwowo, osati iwe, akaipereke kwa amuna awo ndi manja awiri, lero lomwe, basi isananyamuke. Uwauze kuti ndati avale magalasi, ndipo asadumphe mzere.

Ndine ambuya ako,
NaPhiri